Odutsa ndi okhala: mkangano wa kukuza msewu wa I-45 ku Houston

Pa 11 Malichi 2021, boma laling'ono la Harris County m'dziko la America lidachita chinthu chimene ambiri mwa ife tingachione chachilendo. Lidakasuma ku bwalo la milandu pofuna kuimitsa ntchito yokuza msewu waukulu wodutsa m'dera lake lomwe. Ndalama za ntchitoyo, madola oposa 7 biliyoni pa nthawiyo, sizidali zochokera m'thumba la boma laling'onolo. Ife amene tidazolowera kudandaulira aphungu ndi makhansala kuti atiikire phula pa msewu wa kwathu tingafunse kuti: kodi munthu amakana bwanji chitukuko chimene chadza chokha pakhomo?

Awerengi okondedwa, yankho lake ndi lakuti msewu uliwonse uli ndi anthu a magulu awiri. Alipo odutsa, amene amauyamikira chifukwa cha mphindi zimene wawapulumutsira. Alipo okhala m'mbali mwake, amene amapuma utsi wake, kulandira madzi ake mvula ikagwa, ndipo ena amachotsedwa pa malo awo kuti msewuwo upeze podutsa. Okonza mapulani amadziwa bwino kuwerengera phindu la gulu loyamba. Mtolo wa gulu lachiwiri nthawi zambiri umagwera boma laling'ono, chifukwa ndilo lili pafupi ndi anthuwo. Nkhani ya ku Houston ikutionetsa bwino m'mene zimenezi zimayendera.

Mzinda wa galimoto

Houston ndi mzinda wachinayi pa kuchuluka kwa anthu m'dziko la America, ndipo uli m'chigawo cha Texas, kufupi ndi nyanja ya Gulf of Mexico. Kalembera wa 2020 adapeza anthu 2.3 miliyoni mumzindawu, ndi anthu 4.7 miliyoni m'dera lonse la Harris County, m'mene muli mbali yaikulu ya mzindawu. Ndi mzinda wotambalala zedi, ndipo anthu ochuluka amapita ku ntchito pa galimoto zawo, aliyense yekhayekha.

Misewu ikuluikulu imene imanyamula galimoto zimenezi eni ake amaitcha freeway. Umenewu ndi msewu wa galimoto zokhazokha. Palibe maroboti, palibe mphambano, palibe woyenda pansi kapena wa njinga. Misewu ina imadutsa pamwamba pake kapena pansi pake, ndipo galimoto imalowa ndi kutuluka pa malo oikika okha. Kwa woyendetsa, ndi msewu wokoma kwabasi. Kwa wokhala pambali pake, uli ngati mtsinje wosowa powolokera: mnansi wa tsidya lina amene mumaonana naye ndi maso, mumamfika mutazungulira mtunda wautali.

Msewu wa I-45 umayambira ku Galveston m'mphepete mwa nyanja, n'kudutsa pakati pa Houston, n'kukathera ku Dallas. Chigawo chake choyamba, chotchedwa Gulf Freeway, chidayamba kutsegulidwa m'chaka cha 1948. Misewu yambiri ya mtunduwu idamangidwa pambuyo pa lamulo la 1956, limene pulezidenti Dwight Eisenhower adasainira, lopereka ndalama zomangira misewu yolumikiza zigawo zonse za dzikolo.

Pulani imene idautsa mkangano ndi yomanganso msewuwu pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40, kuyambira pakati pa mzinda mpaka ku msewu wozungulira wa Beltway 8 kumpoto. Mwini ntchito ndi nthambi ya boma la Texas yoona za misewu, imene imadziwika ndi dzina lachidule lakuti TxDOT. Nthambiyi idafuna kuwonjezera mizere yoyendamo galimoto, kutambasula msewu, ndiponso kuusuntha pakati pa mzinda kuti uziyenda motsagana ndi misewu ina iwiri, I-10 ndi I-69, kumpoto ndi kuvuma kwa dera la maofesi.

Maboma atatu, mphamvu zosiyana

Kuti timvetse bwino mkanganowu, tiyenera kudziwa kuti pa nkhani ya misewu ku America pali maboma atatu. Boma lalikulu la ku Washington limapereka gawo la ndalama ndipo limaika malamulo oteteza chilengedwe ndi ufulu wa anthu. Boma la chigawo, monga la Texas limene likulu lake lili ku Austin, ndilo limakonza mapulani, kugula malo ndi kumanga. Maboma aang'ono, amene pano ndi khonsolo ya mzinda wa Houston ndi Harris County, alibe mphamvu yoletsa msewu wa boma la chigawo. Komabe ndiwo amasamala ngalande za mumzinda, mapaki, zipatala za anthu osauka, nyumba za boma ndiponso ntchito yopulumutsa anthu madzi akasefukira. Mwachidule, wolamula za msewu ndi wina, wokolola zotsatira zake ndi wina.

Pa nthawi ya mkanganowu, mfumu ya mzinda wa Houston adali malemu a Sylvester Turner. Mtsogoleri wa Harris County adali mayi Lina Hidalgo, amene udindo wawo umatchedwa County Judge ngakhale kuti ntchito yawo si yoweruza milandu koma yotsogolera boma laling'onolo. Loya wamkulu wa bomalo adali a Christian Menefee. M'mwezi wa Meyi 2020, a Turner adalembera kalata akuluakulu a misewu ku Texas, kupempha kuti msewuwo umangidwenso popanda kutenga malo ambiri oonjezera, kuti pakhale mizere ya mabasi, ndiponso kuti nkhani ya madzi osefukira iunikidwe bwino. Pempholi lidatuluka m'misonkhano imene khonsolo idachita ndi anthu a m'madera okhudzidwa. Nkhawa zawo zikuluzikulu zidali zinayi.

Nkhawa yoyamba: mpweya wopuma

Utsi wa galimoto uli ndi zinthu zingapo zoononga thupi. Choopsa kwambiri ndi tifumbi ting'onoting'ono timene akatswiri amatitcha PM2.5, tochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi la munthu pafupifupi ka 30. Timeneti sititsalira m'mphuno ayi. Timalowa mpaka m'kati mwenimweni mwa mapapo, ndipo tina timafika m'magazi. Timathandizira matenda a mphumu, a mtima ndi a kufa ziwalo. Tifumbi tina sitichokera mu injini, koma pa kuperepeseka kwa matayala ndi mabuleki, kotero kuti ngakhale galimoto yoyendera magetsi imatitulutsa. M'chaka cha 2012, nthambi ya bungwe la WHO yofufuza za khansa idalengeza kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo. Bungwe lomwelo la WHO lidawerengera kuti m'chaka cha 2019 mpweya woipa wa panja udafupikitsa moyo wa anthu 4.2 miliyoni pa dziko lonse lapansi.

Chofunika kudziwa ndi chakuti utsi wa pamsewu sugawidwa mofanana mumzinda. Umachuluka kwambiri m'mbali mwa msewu ndipo umanka nuchepa munthu akamatalikira. Akatswiri a bungwe la Health Effects Institute adanena m'chaka cha 2010 kuti dera lokhudzidwa kwambiri ndi la mamita 300 mpaka 500 kuchokera pa msewu waukulu. Tsono msewu ukatambasuka, umasendera ku nyumba ndi sukulu zimene kale zidali patali pang'ono. M'chaka cha 2019, bungwe la Air Alliance Houston lidaunika pulaniyi ndipo lidapeza kuti sukulu ndi malo osungirako ana okwana 26 adzakhala pa mtunda wosapitirira mamita pafupifupi 150 kuchokera pa msewu watsopanowo. Imodzi mwa sukuluzo ndi Bruce Elementary, ya ana aang'ono a m'dera la Fifth Ward. Mwana sasankha sukulu yake, ndipo amapuma mpweya wa pabwalo lake masiku asanu pa sabata kwa zaka zingapo, pa nthawi imene mapapo ake akukula. Pamwamba pa izi, dera la Houston lidakhala zaka zambiri likulephera kukwaniritsa muyeso wa boma wa mpweya woipa wa ozone, umene umapangika utsi wa galimoto ndi wa mafakitale ukawombedwa ndi dzuwa.

Nkhawa yachiwiri: madzi

Houston adamangidwa pa chigwa cha dothi la makande, chosakwera kwenikweni kuchokera pa nyanja. Madzi a mvula amachoka mumzinda kudzera m'timitsinje toyenda mwaulesi, monga Buffalo Bayou ndi White Oak Bayou. Aliyense amene adaonapo madzi akutsika pa denga la malata amadziwa kusiyana kwa nthaka ndi malo owaka. Nthaka ya udzu imamwa madzi ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono. Phula ndi konkire sizimwa ngakhale dontho. Madzi onse amathamangira mu ngalande nthawi imodzi, ndipo ngalande ikadzaza amabwerera m'nyumba za anthu okhala kumunsi.

Anthu a ku Houston sadaphunzire zimenezi m'buku. M'chaka cha 2001 namondwe wotchedwa Allison adamiza mbali yaikulu ya mzinda. Mu Ogasiti 2017 kudadza namondwe wa Harvey, amene m'masiku ochepa adagwetsa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'madera ena a mzindawu, pafupifupi mvula ya chaka chonse. Nyumba zoposa 150,000 zidalowa madzi mu Harris County mokha. M'chaka cha 2019 namondwe wina, Imelda, adabwereza. Lipoti loyamba la m'mene msewu wa I-45 udzakhudzire chilengedwe lidatuluka mu Epulo 2017, miyezi inayi Harvey asadafike. Choncho atsogoleri a maboma aang'ono adali ndi chifukwa chomveka chofunsira ngati mapulaniwo adawerengera mvula ya masiku ano kapena ya makedzana.

Padalinso nkhani ina. Pulaniyi ikuika zigawo zina za msewu m'chigwembe, pansi pa msinkhu wa nthaka. Ubwino wake ndi wakuti phokoso limachepa ndipo pamwamba pake pangathe kuphimbidwa n'kukhala paki. Koma msewu wa m'chigwembe uli ngati dzenje, umadalira mapampu kuti madzi atuluke. Madzi opopedwawo sasowa: amakathera mu mtsinje womwewo umene anthu a kumunsi akuuopa. Funso la khonsolo lidali lakuti, msewu ukauma, madzi ake apita kwa yani?

Nkhawa yachitatu: nyumba ndi midzi

Lipoti lomaliza la TxDOT, la m'chaka cha 2020, lidatchula lokha zimene zidzachotsedwe: nyumba 160 za banja limodzilimodzi, nyumba 433 za m'midadada ya lendi, nyumba 486 za boma ndi zina za anthu opeza zochepa, mabizinesi 344, nyumba zopemphereramo 5 ndi sukulu 2. Zonse pamodzi, makomo 1,079. Pakati pa malo okhudzidwa padali Clayton Homes ndi Kelly Village, kumene boma lidamangira anthu osauka nyumba.

Ena angafunse ngati kusamutsa anthu ndi nkhani ya chilengedwe. Malamulo a ku America amaiwerengera pamodzi, ndipo m'pomveka, pakuti chilengedwe cha munthu si mitengo ndi mitsinje yokha. Ndi malo amene amakhalapo, njira yopitira ku sukulu, mnansi womusungira mwana, tchalitchi chimene makolo ake adamanga. Chipukuta misozi chimalipira makoma ndi denga, koma sichingagule chinansi cha zaka 40. Ndipo wokhala m'nyumba ya lendi, amene alibe chikalata cha malo, ndiye amavutika koposa kupeza pena pa mtengo umene angaukwanitse.

Chidawawitsa mitima kwambiri ndi mbiri ya madera amenewa. Ambiri mwa okhalamo ndi anthu akuda ndi anthu a mtundu wochokera ku Latin America. Dera la Independence Heights lidakhala tauni yodziyendetsa yokha m'chaka cha 1915, yoyamba ya anthu akuda ku Texas, lisadalowetsedwe mu Houston m'chaka cha 1929. Misewu ikuluikulu itabwera m'zaka za m'ma 1960, idadula dera limeneli. Fifth Ward idang'ambidwa ndi misewu iwiri. Freedmen's Town, mudzi umene adaumanga anthu omasulidwa ku ukapolo itatha nkhondo yapachiweniweni ya dzikolo, nawonso udadulidwa ndi I-45 yemweyu. Sizidangochitika mwangozi. M'mizinda yambiri ya ku America, okonza misewu a nthawi imeneyo ankasankha madera a anthu osauka chifukwa malo adali otsika mtengo ndipo eni ake adalibe liwu m'boma. Tsono msewu ukakhala kuti udadutsa kale pamenepo, kuukuza kumagweranso anthu omwewo, ana ndi zidzukulu za amene adasamutsidwa poyamba.

Nkhawa yachinayi: kodi kukuza msewu kumathetsa mdipiti?

Nkhawa zitatu zoyambazo munthu angathe kuzipirira atatsimikiza kuti vuto la kuthithikana kwa galimoto litha ndithu. Walira mvula walira matope, tidamva kwa makolo. Koma bwanji ngati matope abwera mvula osagwa? Apa ndi pamene pagona nkhani.

Nzeru ya tonsefe imati msewu ukachepa, uwonjezereni. Koma galimoto sizili ngati madzi a mu mpopi amene kuchuluka kwake kuli kodziwika kale. Ndi anthu amene amasankha. Msewu ukatambasuka ndipo ulendo wafupika, amene ankakwera basi amayamba kuyendetsa galimoto yake. Amene ankanyamuka m'mamawa kuthawa mdipiti amabwerera ku nthawi ya aliyense. Amalonda amamanga nyumba zatsopano kutali ndi mzinda, kumene malo ndi otchipa, podalira msewu womwewo. Pakapita zaka zochepa, mizere yatsopano ija yadzaza. Katswiri wa zachuma Anthony Downs adafotokoza zimenezi kale m'chaka cha 1962. M'chaka cha 2011, akatswiri ena awiri, Gilles Duranton ndi Matthew Turner, ataunika mizinda ya ku America pa zaka zambiri, adapeza kuti mtunda woyendedwa ndi galimoto umakwera pafupifupi mofanana ndi kuchuluka kwa misewu ikuluikulu yoonjezedwa.

Umboni wa zimenezi anthu a ku Houston adali nawo pakhomo. Msewu wa Katy Freeway, umene ndi chigawo cha I-10 cholowera kuzambwe, udakuzidwa pakati pa 2003 ndi 2008 pa mtengo wa madola 2.8 biliyoni. Pa malo ena udafika mizere 26 tikawerengera ndi timisewu ta m'mbali, n'kukhala umodzi mwa misewu yotambalala koposa pa dziko lapansi. Poyamba ulendo udafupikadi. Koma ziwerengero za bungwe loyang'anira kayendedwe ka galimoto mumzindawu zidaonetsa kuti pakati pa 2011 ndi 2014, nthawi ya ulendo wautali pa msewuwu idakwera ndi 30 pa 100 m'mawa, ndi 55 pa 100 madzulo. Oikira kumbuyo msewuwo amati anthu adachuluka m'zaka zimenezo, ndipo akunena zoona. Koma otsutsa amayankha kuti mbali ina ya kuchulukako kumadera akutali idabwera chifukwa cha msewu womwewo.

Pa chilengedwe, tanthauzo lake ndi ili: galimoto zikachuluka, utsi umachulukanso, kuphatikizapo mpweya umene ukusintha nyengo. Ku America, ntchito za mtengatenga ndizo zimatulutsa mpweya wotere wochuluka koposa, kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a mpweya wonse wa dzikolo. Ndipo nyengo ikamatentha, mvula ya anamondwe imakula. Motero nkhawa yachinayi imabwerera ku yachiwiri.

Mbali ya omanga msewu

Chilungamo chimafuna kuti timve mbali zonse, ndipo a TxDOT adali ndi mfundo zawo zolemera. Msewu wa I-45 ndi wakale, udamangidwa pa miyeso ya zaka zoposa 50 zapitazo, uli ndi makona akuthwa ndi polowera pafupipafupi, ndipo ngozi zimachuluka. Zigawo zake zingapo zimapezeka kawirikawiri pa mndandanda wa misewu yothithikana koposa ku Texas. Umanyamula katundu wa padoko lalikulu la Houston. Ndi njira yothawira namondwe: mu Sepitembala 2005, pamene anthu mamiliyoni adathawa namondwe wa Rita, galimoto zidaima pa msewuwu usana ndi usiku, ndipo anthu oposa 100 adafa pa ulendo wothawawo. Nthambiyi idatinso imanga maiwe osungira madzi a mvula ndi mapampu amene adzachepetse kusefukira kumene kulipo kale, ndipo idati utsi udzachepa popeza galimoto zatsopano zimatulutsa utsi wochepa ndipo sizidzaima nthawi yaitali injini ikulira. Amalonda ambiri ndi atsogoleri a madera ozungulira mzinda, kumene kumakhala ambiri mwa odutsa aja, adali kumbali ya msewu.

Palinso mfundo ya ndalama imene idamanga manja mbali zonse. M'zaka za 2014 ndi 2015, anthu a ku Texas adavota kusintha malamulo aakulu a chigawo chawo kuti ndalama zina za misonkho zizipita ku misewu. Ndalama zimenezi sizingasamutsidwe kukamanga njanji kapena kugula mabasi. Kotero khonsolo ikakana msewu, sikuti ilandira ndalamazo kuti ichite nazo china. Zimangopita ku msewu wa mzinda wina. Mu Ogasiti 2021, bungwe loyang'anira TxDOT lidachenjeza poyera kuti zikhoza kutero.

Zida ziwiri za malamulo

Popeza maboma aang'ono alibe mphamvu yoletsa, adatsamira pa malamulo awiri a boma lalikulu. Loyamba ndi lamulo la zachilengedwe lotchedwa NEPA, limene pulezidenti Richard Nixon adasainira pa 1 Januwale 1970. Limati ntchito yaikulu yokhudza boma lalikulu isadayambe, palembedwe lipoti la m'mene idzakhudzire chilengedwe, paunikidwe njira zina zochitira ntchitoyo, ndipo anthu apatsidwe mpata wolankhula. Koma lamuloli lili ndi malire ake: limakakamiza kuyang'ana, silikakamiza kusankha njira yosaononga. Chinanso n'chakuti kuyambira m'chaka cha 2014, boma lalikulu lidapatsa TxDOT mphamvu yovomereza yokha malipoti ake a zachilengedwe. Otsutsa adati zimenezi zili ngati mwana wa sukulu wodzichongera yekha mayeso. Mu Febuluwale 2021 nthambiyi idavomereza lipoti lake, ndipo mwezi wotsatira Harris County idakasuma, ponena kuti njira zina zosaononga kwambiri sizidaunikidwe moona mtima ndipo madandaulo a anthu sadamvedwe.

Chida chachiwiri ndi gawo lachisanu ndi chimodzi la lamulo la ufulu wa anthu la 1964, limene limaletsa tsankho la mtundu kapena khungu pa ntchito iliyonse yolandira ndalama za boma lalikulu. Anthu ndi mabungwe, pamodzi ndi phungu wa deralo malemu mayi Sheila Jackson Lee, adadandaula ku Washington pogwiritsa ntchito lamuloli. Mu Malichi 2021 momwemo, nthambi ya boma lalikulu yoona za misewu idauza TxDOT kuti iyambe yaima kufikira kafukufuku atachitika. Zotere sizichitikachitika, ndipo nkhaniyi idamveka m'dziko lonselo.

M'mene udathera mkangano

Ntchito idaima pafupifupi zaka ziwiri. Mu Novembala 2021 Harris County idaimitsa mlandu wake kuti ikambirane. Mu Disembala 2022, khonsolo ya Houston ndi Harris County adasainirana mapangano ndi TxDOT, ndipo pambuyo pake mlandu udachotsedwa ku bwalo. Mu Malichi 2023 boma lalikulu nalo lidagwirizana ndi TxDOT n'kulola kuti ntchito ipitirire.

Kodi maboma aang'ono adapindulanji? Mapanganowo adalonjeza kukonza ngalande ndi kuchepetsa madzi osefukira, kuika zipangizo zoyezera mpweya, kufunafuna njira zochepetsera malo otengedwa ndi msewu m'zigawo zina, kukonza njira za oyenda pansi ndi a njinga, ndalama zokwana madola 30 miliyoni zothandizira nyumba zotsika mtengo, ndiponso misonkhano ndi anthu kawiri pa chaka nthawi yonse yomanga. Zimenezi si zachabe. Zambiri mwa izo sizikadalembedwa pa pepala pakadapanda mlandu ndi kafukufuku uja.

Koma chimene sadachipeze n'chachikulunso. Msewu udzakuzidwabe, ndipo anthu ambiri adasamuka kale. Magulu a anthu monga Stop TxDOT I-45 adanena poyera kuti mapanganowo adangopaka mafuta pa chilonda. Ntchito yomanga idayamba mu Okutobala 2024, kuyambira ndi ngalande za kuvuma kwa dera la maofesi. Pa nthawi imeneyo mtengo wake udali utafika madola pafupifupi 13 biliyoni, ndipo ankayembekezera kuti idzatenga zaka pafupifupi 18. Mwana amene adabadwa pa tsiku loyamba ntchitoyi adzakhala atakula pomwe izidzatha.

Zimene tingatolepo

Choyamba, nthawi yolankhula ndi pachiyambi. Pamene Harris County inkapita ku bwalo, pulani idali itakonzedwa kwa zaka zoposa 15, malo ena adali atagulidwa kale, ndipo ndalama zidali zitamangidwa ku msewu. Pa nthawi yotere chimene chimatsala ndi kupempha chipukuta misozi chabwinopo. Madzi akatayika saoleka. Funso lenileni, lakuti tikufuna kusuntha galimoto zingati kapena anthu angati, limayankhidwa kale kwambiri, pamene ambiri mwa okhudzidwa sadamve n'komwe kuti kukubwera msewu.

Chachiwiri, lipoti la zachilengedwe lili ndi phindu pokhapo pali anthu oliwerenga. Manambala a nyumba 1,079 sadabisidwe, adali m'lipoti la omanga msewu eni ake. Chidasintha zinthu ndi chakuti anthu wamba, mabungwe ndi khonsolo adakhala pansi, kuwerenga, kufunsa, ndi kubwera ku misonkhano chaka ndi chaka.

Chachitatu, funso la ku Houston si la maiko olemera okha. M'chaka cha 2021 chomwecho, pamene ntchito yokuza msewu wa Kenyatta mumzinda wa Lilongwe idayamba, mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa msewuwo idagwetsedwa ndipo anthu ambiri adadandaula. Dziko lathu lili ndi lamulo losamalira chilengedwe la 2017, limene limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziyambe zaunikidwa m'mene zidzakhudzire chilengedwe ndi anthu. Kunena zoona, ife tikusowabe misewu yabwino, ndipo palibe wanzeru amene angafanizire msewu wa fumbi wa kumudzi ndi mizere 26 ya Katy Freeway. Koma mizinda yathu ikukula msanga, ndipo ambiri mwa anthu ake amayenda pansi, pa njinga ndi pa minibasi. Malemu Papa Francis, m'kalata yawo ya Laudato Si' ya 2015, adakhudza nkhani yomweyi: kuti galimoto zonyamula munthu mmodzi kapena awiri zikachuluka, zimabweretsa mdipiti ndi utsi ndipo zimaitanitsa misewu ina yoonjezera, pamene osauka akuvutika m'mabasi odzaza ndi osadalirika.

Tsono mukadzamva kuti msewu wa kwanuko ukukuzidwa ndipo khonsolo yaitanitsa msonkhano, musadzati zimenezo n'za mainjiniya. Pitani, ndipo mukafunse mafunso amene anthu a ku Houston adafunsa mochedwa. Madzi a pamsewu adzatsikira kuti? Ana a sukulu adzawolokera pati? Mitengo yodulidwa adzabzala ndani ndipo adzaithirira ndani? Osamutsidwa, makamaka a lendi ndi ogulitsa m'mbali mwa msewu, adzapita kuti? Odutsa ali nawo kale owalankhulira. Okhala amadalira khansala wawo, ndipo khansalayo amalimba mtima akaona anthu ake ali pambuyo pake.